Amalonda ang'onoang'ono, fotokozani nkhani ya katundu wanu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mmene anthu a geni zing'onozing'ono akutsatsira malonda masiku ano. Mukatsegula WhatsApp kapena Facebook mupeza chithunzi cha botolo, pansi pake palembedwa kuti "chiponde chilipo, funsani mtengo ku inbox". Ogulitsa khumi alemba mawu omwewo. Wogula asankha bwanji? Amangotsata wotchipa, ndipo pa mpikisano wotsitsa mitengo woyamba kugwa ndi wa mpamba wochepa.

Komatu wa geni yaing'ono ali ndi chinthu chimene sitolo yaikulu ilibe. Iye amadziwa kumene katundu wake wachokera, amene wamugwira, ndi chimene chinatayidwa kuti chabwinocho chitsale. Imeneyo ndiyo nkhani yogulitsira. Tonse tinakula ndi "Padangotelo", ife n'kuvomera kuti "Tilitonse", ndipo agogo sankapitirira tisanavomere. Wotsatsa nayenso ayambe ndi chimene chingachititse womvera kuvomera, ndiye kuti vuto la wogulayo, osati mbiri ya mwini geni.

Titenge wa chiponde uja. Mayi amene akugulira ana ake ali ndi nkhawa ziwiri: kodi mtedza wake unali wabwino, nanga mafuta akuyandama pamwambawa ndi chiyani? Nkhani iyankhe zimenezo. Atchule mtundu wa mtedza, kaya ndi Chalimbana kaya CG7, ndi dera limene unalimidwa. Ajambule lichero lili ndi mtedza wosankhidwa, pambali pake kambale ka wonyala, wofumbwa ndi wa chuku umene wachotsedwa. Kambale kameneko kamagulitsa kuposa mawu akuti "chokoma zedi", chifukwa munthu akudzionera yekha ntchito imene yagwiridwa. Za mafuta anene poyera kuti chiponde chosathira mankhwala olimbitsa chimalekana chikakhalitsa, ndipo pamangofunika kutakasa ndi supuni youma. Chimene wogula ankachiyesa chilema chasanduka umboni.

Apa mpofunika kusamala. Kusankha mtedza kumachepetsa poizoni wa aflatoxin amene amachokera ku chuku, koma maso sangatsimikize kuti watheratu. Musalembe kuti "mulibe poizoni" ngati katundu wanu sanayezedwe, ndipo musaike chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pa botolo ngati bungwelo silinakupatseni.

Wa uchi naye ali ndi nkhani yake. Nyengo yozizira ya June ndi July uchi weniweni umatha kuundana, ogula n'kumati mwathira shuga. Musadikire kuti akubwezereni botolo. Fotokozeranitu kuti ndi chibadwa cha uchi, ndipo botolo likaikidwa m'madzi ofunda, osati owira, umasungunuka.

Nkhani isatalike. Ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana, ndipo kanema asapitirire masekondi 30, pakuti bandulo ndi ndalama ndipo anthu amadumpha zolemera. Jambulani m'mawa panja pamthunzi, osati m'nyumba ya mdima, ndipo pukutani galasi la kamera kaye. Chithunzi chikhale cha manja ali pa ntchito, monga kusupula mtedza, kusoka mpendero kapena kupala thabwa. Kumapeto kukhale zinthu zimene ambiri amabisa: kukula kwa botolo, mtengo, malo amene mukupezeka, komanso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Kubisa mtengo kumathawitsa anthu. Munthu amachita manyazi kufunsa kenako n'kulephera kugula, ndiye amangokhala chete.

Pali nkhani zina zimene zimawononga geni. Yoyamba ndi yomvetsa chisoni: "ndiguleni, ndikulera ana amasiye". Mwina ndi zoona, ndipo anthu agula kamodzi. Koma wogula mwachifundo amaona ngati wapereka thandizo, sabweranso mwezi wamawa, ndipo katundu akakhala ndi vuto sakuuzani, amangosowa. Inanso ndi yabodza. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umadziwika ndi fungo lake. Mukasakaniza ndi wina n'kumafotokoza za madambo a ku Karonga, mphika umodzi wokha ukuululani, ndipo chikomekome cha mkuyu chikaoneka kuti m'kati muli nyerere, mbiri yake imafala msanga m'magulu omwewo amene mumatsatsiramo. Dziwaninso kuti kunamiza ogula potsatsa malonda ndi mlandu, ndipo wogula akhoza kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Chimodzimodzi kunena kuti uchi kapena ufa wa chammwamba umachiza shuga kapena BP. Nenani kuti ndi chakudya, mulekere pomwepo.

Mawu a kasitomala wokhutira ndi amphamvu kuposa anu, koma pemphani kaye. Osangojambula uthenga wake n'kuuika pagulu dzina ndi nambala zikuoneka. Telala amene wasokera mkwatibwi asatulutse chithunzi cha diresi ukwati usanachitike. Nkhope za ana a eni ake zisaoneke makolo asanalole.

Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, choncho nkhani yabwino muisungenso pa tsamba la Facebook kuti wofuna kukudziwani aipeze. Pa tsiku ikani masitetasi awiri kapena atatu. Woika makumi awiri anthu amangomutseka osamuuza. Musathere zonse tsiku limodzi: Lolemba kopikula, Lachitatu kakonzedwe, Lachisanu katundu wapakidwa, mtengo uli pomwepo. Kwa amene makasitomala awo ali kumudzi, wailesi za m'madera monga Mudzi Wathu ku Mchinji ndi Dzimwe ku Monkey Bay zimafika kumene intaneti ndi yovuta, ndipo nkhani yomweyo ikhoza kuwerengedwa m'mphindi imodzi, nambala ya foni n'kutchulidwa kawiri pang'onopang'ono.

Kuti mudziwe ngati nkhani ikugwira, musawerenge anthu amene aikonda pa Facebook, poti ambiri ndi abale amene sagula. Tengani kope, ndipo kasitomala aliyense watsopano mumufunse kuti "mwamva kuti za ife?" Lembani yankho lake, tsiku ndi chimene wagula. Pakatha milungu inayi werengani. Nkhani imene yabweretsa anthu muibwereze ndi chithunzi china, imene sinabweretse aliyense muisiye.

Wowerenga wanu,
Lilongwe