Za ndalama unatumiza zija aise

Aise,

Ndalama zija zafika, uthenga wa Mukuru unalowa Lachiwiri masana ndili ku ntchito ndiye ndinakatapa madzulo ake. Zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pomwe wachotsapo. Kuno tili bwino kupatula kutenthaku, Tete wa mu Novembala ukumudziwa, dzulo foni imaonetsa 42 ndipo usiku tikugona panja pamkeka mpaka udzudzu utilowetse m'nyumba. Mayi ku Ulongwe ali bwino, mwendo uja ukuvutabe koma m'munda agalauza kale, akungodikira mvula. Gawo lawo ndawatumizira pa M-Pesa tsiku lomwelo.

Tsono za 2000 metikashi yapamwamba ija. Pa voisi unati ndigulire chakudya anthu opempha m'tauni muno, ndipo unabwereza kawiri kuti chakudya chokha, ndalama ayi chifukwa akamwera. Zina ndachita monga unanenera, zina ndachita mwanga, ndiye ndati ndikulembere bwinobwino usadzamve ngati ndakuchenjerera.

Inenso maganizo amenewo ndakhala nawo zaka zambiri. Ndinafika muno 2012 malasha a ku Moatize atangoyamba kutuluka, nthawi imene aliyense amati ku Tete ndalama zikuchita kutoledwa pansi. Anthu anabwera a ku Angónia kwathu, a ku Macanga, a ku Zambézia, ena a ku Malawi kudzera pa Zobue, koma ntchito sizinakwanire onse ndipo makontiraki ambiri anali a miyezi yochepa. Ena anabwerera, ena manyazi anawagwira kubwerera chimanjamanja, ndi amene ukawapeza akugona m'makonde a mashopu ndi cha kumlatho wa Samora Machel. Ine lamulo langa linali limodzi, munthu akatambasula dzanja ndimalowa mu padariya, mogulitsa buledi muja, kumugulira pau, kabuledi kathu kaja, nthawi zina ndi bajiya, basi ndadutsa mtima uli mbee kuti ndathandiza ndipo sindinagulire munthu kachasu.

Chomwe chinayamba kundisokoneza ndi agogo ena amene ndimawaona Lachisanu lililonse cha ku msika wa Kwachena. Lachisanu paja ndi tsiku lomwe okalamba ndi osaona amayenda shopu ndi shopu chifukwa eni mashopu ambiri, makamaka achisilamu, amapereka tsiku limenelo. Agogowa ndi Anyungwe, nyumba yawo inapita ndi madzi a Revubue mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana, mvula yomwe inagwetsa mlatho wopita ku Moatize ija, ndipo chiyambire amagona pomwe kwawadera. Tsiku lina ndawapatsa pau monga mwa nthawi zonse, iwo awomba m'manja nkuti ndatenda mwanangu, kenako amasula kapulana, chitenje chawo chija, kuti aike. Aise, m'kapulanamo munali mapau asanu ndi atatu, ena a sabata yatha ouma gwaa ngati chikuni. Ndipo poseka mpamene ndinaona kuti m'kamwa mwatsala mano awiri okha. Ndinawafunsa mwa Chinyungwe changa chothyokathyokacho kuti nanga onsewa mudya bwanji, anati amaviika m'madzi, tiyi alibe pophikira, ndipo ambiri amapatsa ana. Kenako anandigwira mkono nkuti mwanangu pau ndili naye, chimene ndilibe ndi sopo, anthu akundithawa fungo. Miyezi yonse ija ndimawapatsa chinthu chimene sangatafune ndipo sindinafunsepo ngakhale kamodzi.

Wachiwiri ndi bambo wina wa ku Furancungo, wolankhula Chichewa chathu chomwechi, msinkhu wathu womwewu. Anali wothandiza amisiri pa kampani ina yomanga, ntchito itatha anamubera chikwama muli bilyete, chitupa cha unzika chija, ndi foni, ndipo popanda bilyete palibe amene angakulembe ntchito yooneka. Mwezi wa Seputembala ndinamumvera chisoni nkumugulira ufa wa makilo 5 ndi nyemba. Analandira ndi manja awiri koma anayang'ana thumbalo nthawi yaitali nkufunsa motsitsa mawu kuti achimwene ndikaphikira pati. Poto alibe, makala alibe, ndipo ukagona pakhonde thumba la ufa sulisunga, akulanda usiku womwewo. Mawa lake ndinaliona thumba lomwelo pa baraka ina, tinyumba togulitsira zakudya tija, akugulitsa pa makapu. Ndinapsa mtima zedi, ndinati ndi zomwe amanena zija, sabata ziwiri ndimadutsa tsidya lina la msewu kuti ndisamupatse moni. Titakumana maso ndi maso anandiuza yekha ndisanafunse, kuti anagulitsa pa theka la mtengo ndipo ndalamayo wasungitsa kwa mayi wa baraka yomweyo, akusonkhanitsa ya chapa, minibasi ija, yobwerera kwawo mvula isanagwe chifukwa munda wa bambo ake ulipo. Ndinakafunsa mayiyo, anatsegula kope nkundionetsa, 20, 50, 10, zolembedwa ndi madeti ake. Ndiye taona, ndikanangomupatsa ndalama yomwe ndinagulira ufa ija bwenzi yonse italowa m'kopemo, koma chifukwa chosamukhulupirira theka linapita kwa wogula.

Usiku umenewo tulo sindinatione, ndimakumbukira ku Dedza. Iwe unali wamkulupo kuposa ine ndiye ukukumbukira bwino, tinawoloka malire pa Calomue nkhondo yathu ya muno m'Mozambique itafika poipa, tinakhala kumeneko mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndipo tinabwerera chaka chotsatira. Tsiku lolandira timaima pamzere ndi khadi, kulandira ufa, nyemba kapena nandolo, ndi timafuta pang'ono. Chakudya chimenecho chinatipulumutsa, sindingachinyoze. Koma ukukumbukira zomwe amachita mayi anga ndi mayi ako tikangofika kunyumba? Amapungula mafuta aja m'kabotolo nkukagulitsa pamsika kuti apeze ya sopo, ya parafini, ya makope athu akusukulu, ya chigayo tikalandira chimanga chosagaya. Ndipo panali anthu ena amene amati aonereni othawa nkhondowa, akugulitsa chakudya, ndiye kuti akhuta. Ndimakumbukira mayi akubisa kabotolo kaja m'nsalu ngati aba, chonsecho ndi chawo. Sanali akhuta, amadya kamodzi kuti ife tipite kusukulu tochapa. Ndiye ine mwana wa mayi ameneyo ndi amene ndimawoloka msewu kuthawa munthu chifukwa wagulitsa ufa, zinandiwawa kwambiri aise.

Sindikuti iwe ukunama ayi. Omwera alipo, ndimawadziwa ndi nkhope zawo, ukawapatsa 50 pasanathe mphindi khumi ali ndi kabotolo ka mowa wotchipa uja. Kwa amenewo ndimagula mbale ya nsima, chifukwa naye woledzera njala imamupweteka ndipo mowa wa m'mimba mopanda kanthu pa dzuwa la kuno umapha. Kwa ana ndiye ndikugwirizana nawe kotheratu. Mwana ukamupatsa ndalama sikhala yake, pali akuluakulu awo amene amadikira pakona nkuwalanda, ena amachita kutumidwa ndi kunyumba ndipo tsiku limene wabweretsa zambiri ndi limene sukulu yathera pomwepo. Mwana ndimamugulira chakudya nkukhala naye mpaka amalize, apo ayi mbale imapita kwa wamphamvu. Chaka cha 2024 chilala chitavuta anawa anachuluka zedi, ambiri ochokera cha ku Changara ndi madera ouma akumwera kwa Zambezi, ndipo ena sanabwererenso.

Koma munthu wamkulu amene akugona panja mavuto ake si m'mimba mokha. Akufuna sopo, akufuna madzi akumwa poti m'tauni muno ngakhale madzi ngogula, akufuna ya chapa yopita kuchipatala, ya zithunzi ndi mapepala kuti apezenso bilyete, ya mayunitsi kuti aimbire m'bale wake pa foni yobwereka. Boma kudzera ku INAS, nthambi yake yothandiza ovutika, limapereka kangachepe kwa okalamba osowa, koma kulembetsa kwake kumadutsa m'bairo, dera lomwe munthu akukhala, tsono amene bairo yake ndi khonde la shopu zimamuvuta kuti alowe m'kaundula. Zonsezi pau sangagule. Ndipo ndazindikira kuti nthawi zambiri pomwe ndimati chakudya chokha, ndimateteza mtima wanga kuti ndisaoneke wopusitsidwa, osati kuti ndimaganizira munthuyo. Panopa ndimayamba ndaima kaye, kupereka moni, kufunsa dzina ndi kwawo, kenako kufunsa kuti lero chikuvuta kwambiri nchiyani. Ambiri amanena zoona, ndipo chodabwitsa ambiri amati chakudya ndithu, koma amanena chomwe angathe kudya, wina phala, wina nsima ya ndiwo zamasamba chifukwa m'mimba simuli bwino. Wonama amapezeka, wandinamizapo mmodzi mwezi watha ndi nkhani ya maliro, zinandipweteka koma sindingalange agogo aja chifukwa cha iyeyo.

Ndiye 2000 yako yayenda chonchi. Lachitatu ndi Lachinayi ndinatenga ana asanu ndi awiri kupita nawo pa baraka ya mayi uja, nsima ya nyemba ndi kapenta, aliyense ndi madzi ozizira, zinakwana 700. Kamodzi mwa iwo, kamnyamata ka zaka ngati 9, kanadya theka nkupempha pulasitiki kuti kakapatse mlongo wake, ndinagula mbale ina kuti kamalize yakeyo. Agogo aja ndinawagulira sopo wamtanda, mchere, kabeseni kakang'ono ndi mbale ya phala, ndipo 200 ndinawapatsa m'manja, sindinawauze chogula. Anaimanga pa ngodya ya kapulana mfundo ziwiri. Bambo wa ku Furancungo ndinawonjezera pa za m'kope zija kuti ya chapa ikwane ndi kutsalako ya panjira. Ndinaganiza zokalipira ndekha kwa kondakitala kuti ndikhale ndi mtendere, koma ndinati ayi, ndinamupatsa m'manja mwake pamaso pa mayi wa baraka. Loweruka m'mamawa ndinapita pa siteji, ndinamupeza ali kale m'chapa pampando wakumbuyo atasamba, atavala malaya omwe mayi uja anamupatsa, kathumba ka pulasitiki pamiyendo. Foni alibe ndiye sindinamve kuti anafika bwanji, koma kumlatho sindinamuonenso.

Yatsala 350, ndaisunga. Ngati ukuona kuti ndalakwa pa ndalama yako undiuze mosabisa, ndidzabweza gawo lomwe ndinapereka m'manja ndipo yotsalayi ndigula chakudya chokha monga unanenera. Koma ukandilola ndikufuna ndiwonjezere yanga ndiwagulire agogo aja kapoto ndi kambaula, pali mlonda wina wa pa shopu amene wavomera kumawasungira usiku.

Nanga kumeneko ku Johannesburg zikuyenda bwanji, chifuwa chija chinatha? Mayi ako ndinawaona mwezi watha ku Ulongwe tsiku la msika akugulitsa mbatatesi, akufunsa ngati ubwera pa Khisimasi, ndinawauza kuti ndikufunsa. Ukamabwera udutse muno ugone kwathu tsiku limodzi, Lachisanu likakupeza kuno ndikakuonetse agogo aja, ndinawauza kuti sopo uja wachokera kwa mnzanga wa ku Joni ndipo akufuna akuone. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pa Matundo.