Mbale zija za m'tirankhi

Yorkshire, 23 Meyi 2021

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndailandira Lachinayi. Inayamba yagona milungu iwiri kwa asuweni ku Leeds, poti ukudziwa kale kuti ine keyala yangayanga ndilibe, makalata amandidikira kumeneko mpaka ndipeze tsiku lopuma. Ndaiwerenga katatu. Masamba onse atatu wadzaza nkhuku za alamu ako ndi chitopa, mkangano wa amayi amvano, mtengo wa feteleza, koma funso limodzi lija ndinakufunsa mu Febuluwale walilumpha ngati ngalande. Iwe, mbale zija zili bwanji?

Ndikuona ukugwedeza mutu. Dikira ndikuuze chomwe chaidzutsa nkhaniyi.

Agogo amene ndikuwasamalira mwezi uno sagona msanga, ndiye usiku timakhala pa TV. Kumayambiriro kwa mwezi uno mdzukulu wawo anatiikira filimu yotchedwa Nomadland, yomwe yangotenga kumene mphoto zikuluzikulu za Oscar ku America. Agogo anagona isanafike ndi pakati pomwe. Ine ndinatsala ndekha mumdima, kapu ya tiyi mpaka kuzizirira m'manja.

Ndi nkhani ya mayi wina wamasiye, Fern, wa zaka za m'ma 60. Ankakhala m'katauni kotchedwa Empire ku Nevada, ndipo katauniko si kongopeka ayi, kalipodi. Anthu onse kumeneko ankadalira fakitale imodzi ya mwala wa gypsum. Fakitaleyo inatsekedwa pa 31 Januwale 2011 itagwira ntchito zaka 88, anthu nkubalalika, ndipo pofika Julaye ngakhale nambala ya positi ya tauniyo anaifafaniza. Tangoganiza, mudzi wako kufufutidwa m'kaundula iwe uli moyo. Mayiyo akulongedza katundu m'kavani koyera nkuyamba kuyendayenda kutsata maganyu: nyengo ya Khirisimasi kukapakira makatoni ku Amazon, chilimwe kukatsuka zimbudzi pamalo ogona alendo ku Badlands, kenako kukakolola mbewu yopangira shuga ku Nebraska. Akugona m'galimoto, akuphikira m'galimoto, chimbudzi chake ndi ndowa. Ndipo ambiri mwa anthu amene ukuwaona mufilimumo si ochita zisudzo. Linda May, Swankie, Bob Wells, onsewo ndi anthu enieni okhala m'magalimoto, amene amasonkhana chaka ndi chaka m'chipululu ku Quartzsite, Arizona, kuphunzitsana kumata matayala ndi kusinthana miphika.

Ife tinakula tikumva kuti ku America ndiye kumwamba. Koma nkhalamba ya imvi mbuu kumanyamula makatoni tsiku lonse chifukwa penshoni siikwana lendi, ameneyo ndinamuzindikira msanga. Ndiye ineyo. Kusiyana kwake nkwakuti iye ali ndi galimoto, ine ndili ndi sutikesi. Chiyambire mliri wa kolonawu ndagona m'nyumba zisanu ndi ziwiri za eni ake. Ukafika amakuonetsa kachipinda, umapachika malaya pachitseko, umaphunzira kuti agogowa tiyi amamwa wotani, mankhwala nthawi yanji, usiku amaitana dzina la ndani. Ukangoyamba kuwakonda, foni imalira: agogo apita kuchipatala, kapena apita kumene sabwerako, longedzani. Awiri mwa asanu ndi awiriwo anatengedwa ndi kolona. Mmodzi ndinkamupesa tsitsi m'mawa uliwonse, maliro ake sindinapite nkomwe, poti analola anthu owerengeka.

Koma chimene chandisowetsa tulo si chimenecho. Fern uja m'kavani mwake wasunga mbale zingapo zimene anam'patsa malemu bambo ake, zamasamba a m'mphepete, wazikulunga bwinobwino. Tsiku lina bambo wina womufunira zabwino akuti amuthandize kutulutsa katundu, anyamula katoni, pansi pake nkung'ambika, mbale phwaa! Mayiyo sakulira. Akungomuuza kuti apite uko. Usiku ali yekha ndi kanyali, akumata zidutswa ndi guluu. Mnzanga, ndinadzuka pampando ndikunjenjemera. Ndinafuna kukuimbira pomwepo, koma kwanuko inali cha m'ma 1 koloko usiku.

Mbale za amayi zija ukuzidziwa. Zoyera, maluwa ofiira m'mbali, zinalipo zisanu ndi chimodzi, imodzi ili ndi kachibenthu kuyambira tsiku la ubatizo wa achimwene. Abambo anabwera nazo kuchokera ku Wenela, atazikulunga m'bulangete m'tirankhi yomwe ija yobiriwira, ulendo wonsewo osasweka ndi imodzi yomwe. Amayi ankazitulutsa pa Khirisimasi ndi akabwera abusa basi, ife tikumadyera zachitsulo. Ukukumbuka tsiku lija unatsuka imodzi mobisa kuti ungoigwira, amayi nkukupeza? Mmene unaumira thupi, ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni! Ndiye lero iwe wemweyo ukundiyankha za chitopa.

Ndinasiya tirankhiyo kuchipinda chakumadzulo, pansi pa bedi. Tsopano wandiuza wekha kuti denga la mbali imeneyo linadontha dzinja lonse. Ngati madzi analowa, bulangete linaola. Likaola mbale zimagundana. Ndipo ndamva kuti ana a achemwali amagona mmenemo akabwera ku holide, anyamata atatu odumpha ngati mbuzi. Wina angokokera tirankhi kuti akwerepo, basi kwatha. Mwina zinasweka kale, nonse mukudziwa, mwapangana kuti asamve ali kutali. Mwina azakhali anazibwereka pa chinkhoswe chija osabweza, poti iwowo chobwereka chimasanduka chawo. Ndikuganiza zimenezi ndikusambitsa agogo, ndikuganiza ndikudikira basi. Dzulo ndinaziwerenga m'maloto, zikumakwana zinayi, ndikayambiranso zinayi.

Chonde, Loweruka likudzali pita. Tenga kiyi kwa amalume, tsegula wekha, osatuma mwana. Uzitulutse imodziimodzi, uziyale pamkeka, unditumizire chithunzi pa WhatsApp zonse zikuoneka pamodzi. Ukatero uzitengere kwanu, uziike pamwamba pa kabati. Ndalama ya minibasi ndi ya mayunitsi ndatumiza kale kudzera kwa asuweni. Ngati zasweka undiuze zoona, ndipo zidutswazo musataye.

Unandifunsa kuti ndibwera liti. Malawi ali pamndandanda wofiira wa maiko oopedwa chifukwa cha kolona kuno kuyambira Januwale. Ndikabwera, pobwerera ndiyenera kutsekeredwa m'hotela masiku khumi, ndalama yake 1,750 paundi, kuwonjezera pa tikiti. Imeneyo ndi fizi ya ana awiri aja ndi malata omwe. Mwezi uja mliri unavuta kwathuko, mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, kumwalira tsiku limodzi, ine ndinali m'kachipinda ka eni ku Harrogate foni ili m'manja usiku wonse. Maliro a aphunzitsi athu ndinawaonera pafoni, chithunzi chikuduka-duka, nyimbo ikumveka theka. Ndinalira motsitsa mawu kuopa kudzutsa mwini nyumba. Kale tinkaseka matchona, amuna opita ku Joni osabwerako, osalemba ndi kalata yomwe. Sindinkadziwa kuti utchona umayamba pang'onopang'ono, ndi chaka chimodzi chowonjezera.

Filimuyonso inavutika ndi mliri ngati ife tomwe. Anaionetsa koyamba ku Venice mu Seputembala chaka chatha, nkupambana mphoto yaikulu kumeneko, koma nyumba za kanema zinali zotseka m'maiko ambiri, ena anaionera ali m'magalimoto awo pabwalo. Anaichedwetsa mpaka Febuluwale. Mwambo wa Oscar nawo unasunthidwa kufika pa 25 Epulo, nkuchitikira pasiteshoni ya sitima ku Los Angeles, anthu ochepa atakhala motalikirana. Amene anaikonza, Chloé Zhao, wobadwira ku Beijing, ndi mkazi wachiwiri yekha kupata mphoto ya wotsogolera filimu chiyambire. Chimene chinandisangalatsa ine ndi chakuti anabwera ndi Swankie ndi Linda May ku mwambowo. Mufilimu Swankie amadwala khansa, amanyamuka ulendo womaliza kukaonanso anamzeze mazanamazana ouluka pamwamba pa mtsinje, nkumwalira. Ndinamulira ngati mbale wanga, kenako ndikuona chithunzi ali bwinobwino pamwambo! Mtima unakhala pansi.

Frances McDormand, amene ndi Fern uja, polandira mphoto anapempha anthu kuti akaionere pa kanema wamkulu zinthu zikatseguka. Kuno atsegula Lolemba lapitali, pa 17, ndiye Lachinayi lomwe lija ndikuchokera kotenga kalata yako ndinalowa. Tinalimo anthu asanu ndi anayi m'chiholo chonse, aliyense ndi masiki yake, mipando yopanda anthu pakati pathu. Chipululu chija pa kanema wamkulu chimakumeza, thambo lofiirira ngati la kwathu mu Okutobala moto wolusa utapita. Pofika pa mbale paja ndinatseka maso. Mayi wina wachizungu patsogolo panga ankapukuta misozi pansi pa magalasi, potuluka tinangoyang'anana, osalankhulana, aliyense njira yake.

Pali malo pamene mchemwali wake wa Fern akumuchonderera kuti akhale nawo, chipinda chilipo, bedi lofewa lilipo, iye osatheka. Amenewo sindinawamvetse. Ine wina atandipatsa khonde langalanga loti ndikhalepo madzulo ndikusenda nandolo, sindingasunthe. Azungu aja ena amati anasankha okha moyo wa pamsewu. Kapena ena anasankhadi. Koma ndikayang'ana manja a Linda May ndimaona munthu amene anagwira ntchito moyo wake wonse.

Kuno Meyi yense mvula, kuzizira ngati Juni wa ku Dedza, bondo lakumanzere layambanso. Ufa umene ndinagula ku Leeds ndi woyera mbee koma nsima yake siigwira, imangomata m'manja. Katemera wachiwiri ndabaya, mkono unalemera masiku awiri. Iwe wabaya? Usamvere za alamu ako zija, pita ukabaye. Uwauze amalume kuti za malata ndamva, ndiyankha ndikalandira kumapeto kwa mwezi, koma ayambe mbali yakumadzulo, kumene kuli tirankhi, osati kukhitchini monga akufunira iwowo. Ndipo ukatsegula uyang'anenso pansi penipeni, pali kansalu ka amayi kabuluu kamene anakulungamo chithunzi cha abambo ali pa

Belu la agogo lalira. Pepala nalonso latha. Loweruka, usaiwale.

Ndine mnzako wa kalekale