Mpanda wa bwalo wagwa, timu yathu ingataye mwayi wokwera

Ana athu amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, landirani moni wochokera kwa a gulupu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi.

Bwalo lakuseri kwa sukulu lija munkamenyerapo chikulunga, mpanda wake wa kumadzulo unagwa ndi mvula yathayi. Unamangidwa ndi dothi, wopanda maziko a miyala, ndiye madzi otsika kumsika anaufukula pansi.

Chigwereni, anthu akungolowera pogumukapo osalipira. Ndalama ya pachipatayo ndi imene imalipira oyimbira, laimu wolembera mizere ndi minibasi ya masewero akoyenda. Oyendetsa ligi ya m'chigawo atichenjeza kuti tikapanda kukonza, masewero athu apakhomo asamukira ku boma.

Zikuwawa chifukwa anyamata a timu yathu ali m'gulu la matimu apamwamba pa tebulo. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu ndi 1, koma mukalephera kufika pabwalo mapointi onse amapita kwa anzanu osatuluka thukuta, chindapusa pamwamba. Kujomba kamodzi kokha chifukwa cha mafuta kungafafanize ntchito ya chaka chonse. Kutsogolo kwathu kuli National Division, ligi yachiwiri imene inayamba mu 2025, ndipo ndi khomo lolowera mu ligi yaikulu ya Super League. Kumeneko a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, sapereka chilolezo cha bwalo chifukwa choti timu imagoletsa. Amayendera mpanda, zimbudzi ndi zipinda zosinthira.

Ife sitinakhale manja lende. Achinyamata aumba njerwa, uvuni wapsa kale. Amayi atuta mchenga kudambo ndi pamutu, miyala ya maziko yaunjikidwa, amisiri a konkuno avomera kumanga mongowathokoza. Chatikanika ndi cha kusitolo: simenti, waya woyala pakati pa njerwa, ndi malata a zipinda. Nthawi ino khoma likhala ndi zipilala pa mamita 3 alionse komanso ngalande kumtunda kwake, kupanda apo ligwanso. Magolo nawo achita dzimbiri m'munsi, pakufunika mapaipi atsopano a muyezo wake, mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika.

Ena mwa inu munalonjeza matumba a simenti pa Khirisimasi, pamaso pa amfumu. Mayina sititchula, koma makolo anu amabwera kudzaonera mpira ndipo anthu amawafunsa.

Amene angathe atumize kwa msungichuma pa Mpamba kapena Airtel Money. Wofuna kugula yekha simenti atero, ngolo yokatengera ilipo. Maziko akufunika kuthiridwa mvula yoyamba isanagwe.