Lipoti la msonkhano: kuyeza magazi a amphaka odwala khunyu

Wapampando ndi anzanga nonse,

Ndabwerako kumsonkhano munandituma uja. Nkhani zinalipo zambiri, koma imene yandikhala pamtima ndi ya khunyu la amphaka.

Anationetsa kanema wa mphaka atangokhala duu, maso ali tong'o, mlomo ukunjenjemera mbali imodzi, akutafuna m'kamwa mulibe kanthu, dovu lili chuchuchu. Sanagwe n'kuphupha ngati mmene tinazolowerera. Ambirife tinanong'onezana kuti n'chiwewe, koma ayi ndithu.

M'maselo a ubongo muli timakomo ta mapuloteni totulutsira potaziyamu, timene timakhazika selo pansi likatha kutumiza uthenga. Mwa amphaka ena, asilikali a m'thupi amaukira mapuloteni ogwira ntchito limodzi ndi timakomoti, mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus n'kutupa. Mu 2013, Ákos Pákozdy ndi anzake a ku Vienna, mothandizana ndi akatswiri a ku Oxford, anapeza asilikaliwa m'magazi a amphaka 5 mwa 14 odwala chonchi.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa. Kayezedwe kakale kamadalira dendrotoxin, ululu wa mamba wobiriwira, wopakidwa chizindikiro cha ayodini 125. Ululuwo umakakamira pa timakomoti, ndipo asilikali akagwira gulu lonselo la mapuloteni, makina amaonetsa. Vuto lake n'lakuti kayezedweka sikakuuza kuti asilikaliwo agwira puloteni iti. Mu 2010 zinadziwika kwa anthu odwala kuti kawirikawiri chimene chimaukiridwa si khomo lenilenilo, koma mapuloteni ogwira nalo ntchito otchedwa LGI1 kapena CASPR2. Kwa amphaka ndi LGI1 makamaka. Ndiye ine ndikuti potumiza magazi tizilemba pafomu kuti ayeze asilikali oukira LGI1 pogwiritsa ntchito maselo amoyo, tisamangokhutira ndi yankho la kayezedwe kakale lakuti "VGKC yapezeka" (VGKC ndi dzina lachidule la timakomo ta potaziyamu tija).

Chinandiwawa n'chakuti cholakwa china chimachitikira m'manja mwathu. Timathamangira prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, magazi n'kudzatenga pambuyo mankhwala atafooketsa kale asilikaliwo. Tizitenga kaye magazi, tipatule seramu (madzi a m'magazi otsala magaziwo akaundana), tiiumitse mufiriji. Koma phenobarbital, mankhwala oletsa khunyu, asadikire zotsatira, mphaka akuvutika. Mwini wake tizimupemphanso ajambule pafoni matendawo akamugwira, chifukwa pofika kwa ife mphaka amakhala ali bwinobwino.

Chiwewe tisachitaye kunja: mphaka wodontha dovu tizimugwira titavala magolovesi, titafunsanso za katemera.

Mapepala a msonkhano ndibwera nawo tikakumana, kuti tigwirizane labotale yomwe tizitumizako seramu.