Kalata yochokera ku London: penti pamwamba pa penti

Wokondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Zomba pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kuno tili bwino ndithu. M'kalata yanu munafunsa ngati zojambula zosaonetsa munthu, nyumba kapena mtengo, zimene amazitcha abstract, zili ndi luso lenileni, kapena ndi kungothira penti mwachisawawa n'kumadyera anthu olemera ndalama. Ndikuyankhani pofotokoza za mmisiri mmodzi yekha, Gerhard Richter wa ku Germany, chifukwa ntchito zake ndaziona ndi maso anga ku Tate Modern, nyumba ya zojambula imene kale inali malo opangira magetsi m'mbali mwa mtsinje wa Thames.

A Richter anabadwira ku Dresden mu 1932, ndipo anaphunzira kujambula ku East Germany, kumene boma linkafuna zithunzi zosavuta kumva zotamanda anthu ogwira ntchito. Mu 1961, khoma la Berlin litatsala pang'ono kumangidwa, anathawira kumadzulo n'kukapitiriza maphunziro ku Düsseldorf. Mudziwe kuti mkuluyu amatha kujambula kandulo woyaka kapena nkhope ya munthu mpaka woona n'kuganiza kuti ndi chithunzi cha kamera. Choncho sanayambe zosanjikiza penti chifukwa cholephera kujambula.

Kagwiridwe kawo ka ntchito, asanaleke kujambula zinsalu zotere mu 2017, kanali kotere. Amayamba ndi chinsalu choyera chokungidwa pa felemu, n'kupakapo ndi burashi yaikulu mitundu yowala, yofiira, yachikasu, yobiriwira, moti munthu wolowa nthawi imeneyo anganene kuti chithunzi chatha kale ndipo n'chokongola. Kenako amatenga chida chotchedwa squeegee, chimene ndi pulasitiki yaitali yolimba yokhala ndi chogwirira cha thabwa, ndipo zina mwa zidazi n'zazitali kuposa munthu. Amapaka penti m'mphepete mwake, n'kuchitsamiritsa pa chinsalu, n'kuchikoka pang'onopang'ono ndi thupi lonse kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kapena kuchokera pamwamba kutsika pansi, monga mmene mmisiri womanga nyumba amasalazira pulasitala ndi thabwa lowongoka. Kusiyana kwake n'kwakuti womanga amafuna khoma losalala, pamene a Richter amafuna zimene zichitike pamene chidacho chadumpha, chakanda kapena chang'amba zapansi.

Chinsinsi chachikulu chagona pa kauma ka penti. Iwo amagwiritsa ntchito penti wa mafuta, amene amatenga masiku kuti aume. Ngati wapansi akadali wonyowa, watsopano amasakanikirana naye n'kutuluka mtundu umene sunali m'chitini chilichonse. Ngati wapansi wangouma pamwamba pokha, chidacho chimang'amba kakhungu kameneko, ndipo mtundu wobisika umasuzumira m'timabowo ting'onoting'ono. Ngati wauma gwa, watsopano amangogwira m'malo otukuka n'kudumpha m'malo olowa, n'kusiya madonthomadontho. Ndiye kuti mmisiriyu amasankha mtundu, kuchuluka kwa penti, tsiku lopaka, kolowera ndi mphamvu ya dzanja, koma zimene zioneke chida chikadutsa sangazidziwiretu bwinobwino. Nthawi zina amatenganso mpeni n'kupala malo ena kuti afukule zimene anakwirira kale.

Ku Tate Modern ndinaona zithunzi zisanu ndi chimodzi zimene anajambula mu 2006, zotchedwa Cage, dzina la John Cage, wopeka nyimbo wa ku America amene ankalola mwayi kusankha zina mwa zomveka m'nyimbo zake, ndipo a Richter ankamvetsera nyimbo zimenezo pogwira ntchitoyi. Chithunzi chilichonse ndi pafupifupi mamita atatu m'litali ndi m'lifupi momwe. Ukaima patali, zambiri zimaoneka zotuwa, zina zobiriwirako, zokhala ndi mizere yopingasa. Koma nditayandikira chimodzi mpaka pamene amalola kufika, ndinaona kuti pansi pa kutuwako pali kufiira, ndipo pansi pa kufiirako pali chikasu chimene chikungooneka pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Pena penti anaunjikana n'kupanga kamzere kotukuka pamene chida chinaima kaye, pena anapalidwa kwambiri moti wotsala ndi wopyapyala zedi. Maso amayamba okha kufufuza kuti choyamba chinali chiti, chotsatira chiti. Ichi n'chimene chithunzi cha pa foni sichingakuonetseni, ndipo n'chifukwa chake sindikudabwa kuti zimene munaona pa intaneti sizinakugwireni mtima.

Kwa ine, luso lenileni lili pa kulimba mtima kofafaniza chinthu chokongola. Taganizani, Achimwene, inu amene mumaphunzitsa ana kujambula: mwana akakhoza mbali ina ya pepala amaiteteza, safuna kuikhudzanso, ndipo chotsatira chake mbali zina zonse zimagonjera kamalo kamodziko. A Richter amachita zosiyana. Amagwira zinsalu zingapo nthawi imodzi, amazisiya pakhoma kwa masiku kapena milungu, ndipo akabwerera n'kupeza kuti chimene chinawasangalatsa poyamba chazirala, amachikwirira chonse ndi penti wina osachimvera chisoni. Palibe pulani yolembedwa imene imawauza kuti ntchito yatha. Amaleka pamene diso lawo silikupezanso cholakwika. Munthu wongothira penti mwachisawawa sakhala ndi diso limeneli, ndipo kawirikawiri amathera pa mtundu umodzi wa matope.

Pali ntchito ina imene imandivutitsa maganizo, ndipo ndikufuna kumva mmene inu mukuionera. Mu 2014 anatenga zithunzi zinayi za kamera zimene akaidi anajambula mobisa mu 1944 ku msasa wa Auschwitz-Birkenau, kumene chipani cha Nazi chinkaphera Ayuda, n'kuzikopera pa zinsalu zinayi zazikulu. Ataona kuti sangathe kuonetsa nkhanza zimenezo mwa njira imeneyo, anazikwirira ndi penti wakuda, wotuwa, wofiira ndi wobiriwira, kupaka ndi kupala mobwerezabwereza, mpaka palibe munthu amene akuonekanso. Zinsaluzo zimatchedwa Birkenau. Ena amati kumeneku n'kulemekeza akufa, popeza imfa yawo siisanduka chionetsero. Ena amati n'kubisa zimene dziko liyenera kuziona. Ine ndimatsamira kwa oyambawo, komabe pokhapokha ngati woonayo wauzidwa zimene zili pansi, chifukwa popanda dzinalo ndi zithunzi za akaidiwo pambali, munthu angadutse n'kungoyamikira mitundu.

Za ndalama zija simunaname kwenikweni. Mu February 2015 chithunzi chawo chimodzi cha mu 1986 chinagulidwa pa mtengo wopitirira mapaundi 30 miliyoni pa okushoni ya Sotheby's kuno ku London. Mtengo woterowo umanena zambiri za ogula kuposa za chinsalucho, ndipo sindingauikire kumbuyo.

Ngati mungafune kuyesa njirayi ndi ana a sukulu, simufunika zida zodula. Kachidutswa ka hadibodi kopakidwa penti woyera, rula yakale ya pulasitiki ndi mitundu itatu yokha n'zokwanira. Penti wosungunula ndi madzi amauma msanga, makamaka m'nyengo yotentha ya mu Okutobala, choncho anawo apake mtundu wachiwiri woyamba usanaumitsitse, ndipo wachitatu audikirire mpaka mawa lake kuti aone okha kusiyana kwake. Muwaletse kusakaniza mitundu yonse itatu ikadali yonyowa. Mukatero mundilembere zimene zatuluka, ndipo mundiuzenso ngati pali mwana amene analolera kukwirira mbali imene ankainyadira.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa onse kunyumba.

Ndine mnzanu wa ku London.