Hedi ya dizilo sipalidwa ngati ya injini ya methanol

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amakaniko anzanga, makamaka achinyamata a m'magalaja a ku Ndirande, Mbayani ndi Limbe. Ena ayamba kuonera pa YouTube mipikisano ya ku America ya mathirakitala okoka chingolo cholemera, kenako n'kutenga gulayinda kukakuza njira zolowera mpweya pa hedi (chivindikiro cha pamwamba pa injini) ya kasitomala. Pagalaja panga panafika Hilux ya dizilo yopalidwa chotere. Njira zake zinali zosalala bwino, koma galimotoyo inkafuka utsi wakuda bii pokwera zitunda zochokera ku Chikwawa, mphamvu ilibe. Mwini wake anali atalipira ndalama zambiri, ndipo zinandiwawa.

Pamipikisano imeneyi pali mathirakitala oyendera methanol, amene ndi mtundu wa mowa, ndi ena oyendera dizilo. Ambiri ali ndi tebo, chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini, koma mahedi awo amafuna zosiyana.

Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Ethanol, mtundu winanso wa mowa, amafuna 9, methanol 6.4 basi. Ndiye kuti injini ya methanol imamwa mafuta oposa kawiri a petulo, ndipo mafutawo amathiridwa mu manifodi, n'kudutsa njira ndi valavu imodzimodzi ndi mpweya. Amalanda malo. N'chifukwa chake njirayo imayenera kukhala yotakasuka, makamakanso poti injini zimenezi zimazungulira mothamanga, valavu n'kumatseguka kanthawi kochepa. Methanol akamauma amaziziritsa mpweya kwambiri moti ambiri saikamo intakula, chipangizo choziziritsira mpweya wochokera ku tebo. Zonse zalowazo ziyeneranso kutuluka, choncho mbali ya ekizozi nayo amaikuza kuti tebo ilandire mpweya wake msanga.

Dizilo ndi nkhani ina. M'njira yake mumadutsa mpweya wokhawokha. Pa injini zambiri mafuta amalowa kudzera pa nozo molunjika mu silinda, pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, ndipo ayenera kusakanizika ndi mpweya m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Kuti zitheke, mpweya uyenera kulowa ukuzungulira. Shuga mu tiyi mukapanda kutakasa amangokhala pansi. Tengani hedi ya dizilo, muike chala m'njira yolowera mpweya, mumve mmene yakhotera ndi kachitunda kali pafupi ndi gaidi ya valavu. Mnyamata akaona kachitunda kameneko amayesa kuti kufakitale adalakwitsa, n'kukapala. Koma ndi komwe kamapotoza mpweya. Akakachotsa, mpweya umalowadi wambiri, koma umagwera pansi osazungulira, dizilo sapsa yense, ndipo wotsalayo ndi utsi mukuuonawo. Akapitirira muyeso amaboola khoma, chifukwa kuseri kwake kumayenda madzi oziziritsa injini. Apo hedi yatha.

Komanso pa dizilo pisitoni imafika pafupi kwambiri ndi hedi, pakuti mpweya umapanidwa ka 15 mpaka 18 kapena kuposa kuti mafuta ayake okha. Valavu ilibe malo otsegukira kwambiri. Eni mathirakitala a dizilo amagonjetsa vutoli ndi tebo ziwiri kapena zitatu, ina kupopera mu inzake, ena n'kuwazanso madzi mumpweyamo kuti injini isasungunuke.

Wina anena kuti eni mathirakitalawo nawonso amapala mahedi awo a dizilo. Zoona, amapala. Koma amayeza pa makina otchedwa flow bench kuti aone mpweya wodutsa ndi mmene ukuzungulira, amaika nozo zazikulu, ndipo thirakitala yawo imakoka mamita pafupifupi 100 m'masekondi ochepa, utsi uli tolotolo, palibe wodandaula. Minibasi ya ku Bangwe imayenda tsiku lonse itadzaza, ikunyamuka ndi kuima pa siteji iliyonse, injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Pamenepo m'pamene kuzungulira kwa mpweya kumafunika koposa. Dizilo ikafooka, yambani mwaona fyuluta ya mpweya, mapaipi a tebo ngati akutaya, mwaye wa mu manifodi, nozo ndi mipando ya mavalavu. Gulayinda isiyeni.

Sindikunena kuti nzeru za injini za mowa zilibe ntchito kuno. Dziko lathu lakhala likupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga ku Dwangwa kuyambira 1982, ndi ku Chikwawa kuyambira 2004, ndipo amasakanizidwa ndi petulo amene timathira. Achinyamata amene ali ndi chidwi ndi mahedi sitiyenera kuwagwetsa ulesi, akusowa choyezera. Ndikupempha aphunzitsi a ku yunivesite ya MUBAS ndi ku Soche Technical College kuti aganizire zopanga flow bench yoti ife a m'magalaja tizipitako ndi mahedi athu. Pamafunika bokosi lotseka bwino, mamota okoka mpweya ndi machubu a madzi oyezera. Ine ndingalipire pa hedi iliyonse, ndipo ndikudziwa anzanga ku Ndirande amene angatero.

Makaniko,
Ndirande, Blantyre