San Andreas ikamadodoma, musathamangire kugula RAM

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tiyankhule ndi achinyamata, komanso makolo awo, amene akutaya ndalama kugula RAM kapena kusinthitsa laputopu chifukwa choti gemu ya Grand Theft Auto: San Andreas ikuyenda motsimphina, msewu ukusowa pansi pa galimoto, kapena mausi yaleka kumvera. Gemu imeneyi inatuluka pa kompyuta mu June 2005. Kuti iyende imangofuna purosesa ya 1 GHz, RAM ya 256 MB ndi khadi la zithunzi la 64 MB. Laputopu yakaunjika ya Core i3 yokhala ndi RAM ya 4 GB ili patsogolo kutalitali. Ikamavuta pa makina otere, kawirikawiri chalakwika ndi choti gemu ya m'nthawi ya Windows XP yakumana ndi Windows 10 kapena 11, ndipo mankhwala ake ambiri ndi aulere.

Tiyambe ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mukalowa mu Options, kenako Display Setup, kenako Advanced, mupeza mzere wolembedwa Frame Limiter. Ntchito yake ndi kuletsa gemu kupitirira zithunzi 30 pa sekondi. Koma opanga anaikamo kachizolowezi kodikira mamilisekondi 14 pa chithunzi chilichonse, motero ngakhale kompyuta ikhale yamphamvu chotani, mumangoona zithunzi 25 kapena 26 pa sekondi. Diso limaona kudodoma, munthu n'kuganiza kuti makina ake ndi ofooka. Mnzake amamuuza kuti azimitse Frame Limiter. Akazimitsa, zithunzi zimathamangadi, mwina kupitirira 100 pa sekondi, ndipo pamenepo m'pamene mavuto enieni amayambira.

Chifukwa chake n'chakuti m'gemu imeneyi masamu ambiri a kayendedwe ka zinthu anawamangirira ku chiwerengero cha zithunzi. Zithunzi zikachuluka, masamuwo amasokonekera. CJ, munthu amene mumamuyendetsa m'gemuyi, akalowa m'madzi amapalasa manja mwamphamvu koma sasuntha kwenikweni, ndipo ntchito ngati Amphibious Assault, yofuna kusambira ndi kumira, imasanduka chintchito chosatheka. Galimoto mukangoisiya moto imataya liwiro msanga ngati mwaponda buleki. Mayeso a ku sukulu yoyendetsa galimoto ku San Fierro amakanika mobwerezabwereza, wosewera n'kumadzida yekha pomwe dzanja lake lilibe mlandu. Tikupempha ndithu, Frame Limiter isiyeni yoyaka, ndipo kachizolowezi ka mamilisekondi 14 kaja kachotseni ndi chigamba choyenera, kapulogalamu kokonza zolakwika za m'gemu.

Chigambacho dzina lake ndi SilentPatch, chopangidwa ndi katswiri wa ku Poland wodziwika ndi dzina loti Silent, ndipo chimapezeka mwaulere pa webusayiti ya GitHub. N'chaching'ono moti bando ya tsiku limodzi ikukwanirani. Pachokha sichidzuka, chimafuna kapulogalamu koyitanira zigamba kotchedwa Ultimate ASI Loader. Potsitsa kapulogalamuka sankhani ka 32-bit, ngakhale Windows yanu ili ya 64-bit, chifukwa gemuyo ndi ya 32-bit. Ambiri amapunthwa pomwepa, amatenga ka 64-bit n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Fayilo yake, dinput8.dll, iikeni mufoda momwe muli gta_sa.exe, kapena gta-sa.exe kwa amene anagula pa Steam. Kenako ikani SilentPatchSA.asi ndi SilentPatchSA.ini mufoda yomweyo. Musanachite zonsezi koperani foda yonse ya gemu pa fulashi kapena pamalo ena, kuti zikasokonekera mubwerere pomwe munali.

Mukayatsanso gemu, Frame Limiter imagwira pa 30 yeniyeni, ndipo kusiyana kwake ndi 25 kumaoneka pompopompo pokhota ndi galimoto. Chigamba chomwechi chimathetsa vuto la mausi yosiya kugwira mukatuluka mu menyu, ndiponso chimatsegula masaizi a sikirini yotambalala ngati 1920 x 1080 amene mtundu woyamba wa gemuyi, 1.0, sunkaonetsa. Ngati CJ akuoneka wonenepa mopingasa ndipo kamapu ka pakona kaphwatalala ngati dzira, onjezani Widescreen Fix ya ThirteenAG. Ofuna zithunzi 60 pa sekondi angathe kutero, koma aike kaye chigamba cha Framerate Vigilante chokonza masamu aja, ndipo amange liwiro pa 60 ndi RivaTuner Statistics Server. Kulisiya lopanda malire n'kudziputira mavuto.

Gemu ikamakana kuyaka, kapena ikamatseka yokha mukangodina New Game, pitani mu Documents, mufoda ya GTA San Andreas User Files, mufufute fayilo ya gta_sa.set. M'menemo ndi momwe gemu imasunga saizi ya sikirini ndi makonzedwe ena, ndipo ikapeza zolembedwa ndi sikirini ina kapena khadi lina, imagwa. Imalemba yatsopano yokha. Koma chenjerani, mufoda yomweyo muli mafayilo a mayina ngati GTASAsf1.b mpaka GTASAsf8.b. Amenewo ndi maseivu anu, musawakhudze. Ikamadandaula kuti ikufuna DirectX 9.0 pa Windows 10, chimene chikusowa ndi DirectPlay: Control Panel, Programs and Features, Turn Windows features on or off, Legacy Components, n'kuchonga DirectPlay.

Tsopano tinene za kudodoma kwenikweni, kumene zithunzi zimatsika mpaka 15 kapena kuchepera. Pali funso limodzi loyenera kudzifunsa musanamasule sikuluwu iliyonse: kodi gemu imayamba kale yolemera, kapena imayenda bwino kwa mphindi khumi kenako n'kuyamba kulemera? Mayankho awiriwa amaloza matenda osiyana.

Ngati imayamba kale yolemera, onani kaye chaja. Magetsi akazima anthu amasewera pa batire, ndipo laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsera mphamvu dala kuti moto ukhalitse. Lumikizani chaja, musankhe High performance mu Power Options, muyesenso. Chachiwiri, malaputopu ambiri ali ndi makhadi awiri a zithunzi, laling'ono la Intel ndi lalikulu la NVIDIA kapena AMD, ndipo Windows imakonda kupereka gemu yakale kwa laling'onolo. Lowani mu Settings, System, Display, Graphics, mulozere gta_sa.exe, musankhe High performance. Chachitatu ndi makonzedwe a m'gemu momwe. Visual FX Quality ikakhala pa High kapena Very High imajambula mithunzi yoyenda ya anthu ndi magalimoto, ndipo makhadi akale ngati Intel HD 3000 kapena HD 4000 amalemedwa nayo. Itsitseni pa Medium, Anti Aliasing muzimitse, Draw Distance muifikitse pakati. Saizi ya 1280 x 720 ndi yokwanira pa sikirini ya laputopu. Kumapeto kwa saiziyo kumakhala nambala 16 kapena 32. Sankhani 32 nthawi zonse, chifukwa 16 ndi imene imachititsa thambo kuoneka mizeremizere m'malo mosalala.

Ngati imayamba bwino kenako n'kulemera, ndiye kuti makina akutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 95 mpaka 100 imadzibweza liwiro yokha kuti isapse. Tsitsani HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa makina, muisiye yotsegula, musewere mphindi 15, kenako muone nambala ya Max. Fumbi lathu la m'chilimwe, kuphatikiza kutentha kwa October, sikuchitira chifundo laputopu yoti chibwerereni sinatsegulidwepo. Mukachotsa chivundikiro, pakati pa fani ndi timapepala ta chitsulo totulutsira mpweya mumapeza fumbi lolukana ngati kabulangete, moti fani imalira koma mphepo siidutsa. Zimitsani makina, chotsani chaja ndi batire, gwirani fani ndi kamtengo kuti isazungulire, musese ndi burashi yofewa. Phala lakale la pa purosesa (thermal paste, lothandiza kutulutsa kutentha) limakhala litauma ngati dongo. Lipukuteni ndi isopropyl alcohol, muike latsopano kadontho kofanana ndi kanjere ka mpunga, osati kupaka ngati majarini pa buledi. Pomanga masikuluwu a chozizitsira tsatirani manambala olembedwa pambali pake, pang'onopang'ono mosinthanasintha, kuti phala lifalikire mofanana. Ndipo laputopu isamaseweredwe pa matilesi, mabowo opumira ali kunsi.

Nkhani ya misewu ndi nyumba zosowa ndi imene imatiwawa kwambiri, chifukwa anthu amauzidwa kuti khadi lapsa pomwe lili bwinobwino. Mukuthamanga pa njinga yamoto mu Los Santos, mwadzidzidzi msewu palibe, mukuyandama pamwamba pa chimtambo chotuwa, nyumba zikutulukira mochedwa zili zosalala zopanda mawindo. San Andreas siikweza mzinda wonse nthawi imodzi. Imatenga zidutswa mu fayilo ya gta3.img pamene mukuyenda, ndipo malo osungira zidutswazo anawaikira malire a 50 MB. Pa magalimoto ndi nyumba zimene inabwera nazo, malowo amakwana. Koma makope ambiri oyenda pa mafulashi ndi odzaza kale ndi mamodi, zinthu zimene anthu ena anawonjezera m'gemu, monga magalimoto amakono onyezimira oti imodzi yokha imalemera kuposa magalimoto khumi a poyamba. Atatu kapena anayi akakhala pamsewu, malo atha, ndipo gemu imasiya kukweza msewu. RAM ya 16 GB siithandiza kanthu pamenepa, chifukwa malirewo ali m'kati mwa gemu.

Njira yoyera ndi kubwezeretsa gta3.img yoyambirira mufoda ya models. Okonda mamodi awo aike Open Limit Adjuster n'kukweza malo osungirawo kufika pa 256 MB kapena 512 MB. Musakweze mopitirira muyeso: pulogalamu ya 32-bit imaloledwa 2 GB yokha, ndipo ikafika pamenepo imatseka popanda chenjezo, pokhapokha mutaika chigamba cha Large Address Aware chimene chimaifikitsa pa 4 GB pa Windows ya 64-bit. Onaninso ngati mufoda ya gemu muli d3d9.dll pamodzi ndi enbseries.ini. Imeneyo ndi ENB, modi yowalitsa zithunzi, ndipo pa khadi laling'ono imadya theka la liwiro, nthawi zina n'kuyeretsa sikirini yonse mbuu kapena kuidetsa bii. Sunthirani mafayilo awiriwo kwina muone kusintha. Makope olembedwa kuti highly compressed musawakhulupirire n'komwe. Gemu yathunthu imatenga malo oposa 4 GB, ndipo kope la 600 MB linachepetsedwa pochotsa mawu a anthu, mawailesi, nthawi zina ndi zithunzi zomwe. Palibe chigamba chingabweze chimene mulibe.

Amene ali ndi makina atsopano ali ndi vuto lawolawo. Mu 2022 Intel inalengeza kuti makhadi ake a Arc ndi a m'mapurosesa a m'badwo wa 12 ayamba kuyendetsa DirectX 9 kudzera mu DirectX 12, ndipo magemu ena akale anayamba kuthwanimathwanima kapena kudodoma. Yambani ndi kuika madiraiva atsopano ochokera kwa opanga khadi. Zikakanika yesani DXVK, imene imasandutsa DirectX 9 kukhala Vulkan, njira ina imene gemu imalankhulira ndi khadi la zithunzi: mutenge d3d9.dll ya mufoda ya x32, muiike pambali pa gta_sa.exe. Mphindi zoyamba imadodoma pang'ono pamene ikukonza zojambulira zake, kenako imakhazikika. Pa makhadi akale ngati HD 3000 musataye nayo nthawi, alibe Vulkan.

Pali nthawi imodzi yokha imene tingavomereze kuti chitsulo chadwaladi. Mizere yamitundumitundu, timadontho tobiriwira kapena timakona totambasuka zikamaonekanso kunja kwa gemu, pa desikitopu, pa vidiyo, makamaka pa sikirini yoyamba ija Windows isanadzuke, ndiye kuti vuto lili pa khadi, pa RAM kapena pa kachingwe ka sikirini. Lumikizani TV ndi HDMI. Ngati pa TV pali poyera, wolakwa ndi sikirini kapena kachingwe kake, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi bodi yaikulu ya m'kati mwa laputopu.

Kwa amene akweza Windows 11 kufika pa mtundu wa 24H2 n'kupeza kuti ndege yotera pamadzi ija, Skimmer, yasowa pamalo ake onse, Silent anafotokoza gwero lake mu April 2025. Mu GTA: Vice City, gemu imene inatsogolera San Andreas, ndegeyi inkawerengedwa ngati boti, choncho mzere wake m'fayilo yolongosola magalimoto unalibe manambala a matayala. Poisamutsira ku San Andreas anaisandutsa ndege koma manambalawo anaiwala kuwalemba, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 gemu inkangotola manambala otsalira a galimoto ya mzere wapamwamba pake, zinthu n'kumayenda mwamwayi. Windows yatsopano inasintha kagwiritsidwe ka malo a mu RAM momwe manambalawo ankatsalira, manambala otsalirawo n'kufufutika, ndipo ndege imaponyedwa kutali mumlengalenga ikangobadwa. Silent anati adzakonza zimenezi mu SilentPatch yotsatira. Wofuna kukonza ndi manja atsegule vehicles.ide mufoda ya data ndi Notepad, apeze mzere woyamba ndi 460, skimmer, ndipo kumapeto kwake aike chizindikiro cha koma (,), kenako alembe -1, 0.7, 0.7, -1 n'kusunga fayiloyo. Notepad ikakana kusunga chifukwa gemu ili mu Program Files, aitsegulenso ndi Run as administrator.

Ife okonza makompyuta,
Limbe